Kwa mwana wanga, za digiri ya zamagalimoto ndi ya kompyuta ija

Mwana wanga,

Uthenga wako ndauwerenga, ndaona kuti mtima wagawanika pakati pa automotive technology ndi computer science. Kusankha ndi kwako, ndiwe munthu wamkulu tsopano, koma usanalembe fomu iliyonse ndikupempha chinthu chimodzi, usatengeke ndi dzina la digiri, tsegula mndandanda wa makosi onse kuyambira chaka choyamba mpaka chomaliza uwerenge mzere ndi mzere, chifukwa zomwe uzidzadzukira mmawa uliwonse kwa zaka zitatu kapena zinayi zalembedwa mmenemo.

Ku zamagalimotoko uyambe wasiyanitsa kaye, pali automotive engineering ndipo pali automotive technology, anthu amangoziphatikiza koma si chinthu chimodzi ayi. Engineering ndi ya ofuna kupanga galimoto kuyambira pa pepala, ndiye calculus, fizikisi ndi thermodynamics ndi zochuluka. Technology yomwe ukunenayo nthawi yambiri umakhala uli mu wekishopu, makosi ake ndi a injini, giyabokosi, mabuleki, chiwongolero, zamagetsi, ndipo madigiri ena amawonjezapo kayendetsedwe ka galaja ndi kasamalidwe ka makasitomala. Tsono pomwe ndikufuna uyang'anitsitse ndi pa makosi a zamagetsi ndi kufufuza vuto ndi kompyuta, uwerenge kuti alipo angati komanso maola a labu ndi ochuluka bwanji. Galimoto za masiku ano zili ndi timakompyuta tambirimbiri mkati, timalankhulana kudzera pa CAN bus, njira yomwe kampani ya Bosch inatulutsa mu 1986, ndipo ku America kuyambira 1996 galimoto zatsopano zinayamba kukakamizidwa kukhala ndi OBD-II, kasoketi ka mapini 16 kaja kamakhala mmunsi mwa chiwongolero. Ukalumikizapo makina ofufuzira vuto nkukutulukira nambala ya vuto ngati P0171, nambalayo ikungokuuza kuti mu injini mpweya wachuluka kuposa mafuta basi, sikukuuza ngati ndi paipi yomwe yang'ambika, sensa yomwe yada kapena pampu ya mafuta yafooka, amene sanaphunzire bwino amangosintha zipangizo chimodzichimodzi mpaka mwini galimoto kutopa, pomwe wophunzira amatenga mita nkuyeza kaye. Chimenecho ndiye ukukalipirira ku yunivesite. Uonenso ngati pali kosi ya galimoto za haibulidi (zoyendera mafuta ndi batire pamodzi) ndi zoyendera batire lokha, haibulidi ya Toyota Prius inatuluka mu 1997 ndiye si zachilendo izi, ndipo mawaya a olenji a mu galimoto zimenezi amanyamula magetsi oti atha kupha munthu, sukulu yomwe siphunzitsa kagwiridwe kake yatsalira.

Computer science nayo anthu ambiri amailowa akuganiza kuti ndi kudziwa kugwiritsa ntchito kompyuta kapena kukonza malaputopu, akafika nkupeza kuti ndi masamu. Chaka choyamba umayamba kulemba mapulogalamu, mwina mu chilankhulo cha kompyuta ngati Python, Java kapena C, pambali pake pali calculus ndi discrete mathematics, kenako data structures, algorithms, operating systems, ma network, ma database, kumapeto pulojekiti yaikulu. Pulogalamu utha kuilemba nkumayenda bwinobwino ukaipatsa mayina khumi, koma uipatse mayina miliyoni imangoti zii kompyuta nkumatentha, ndiye algorithms ndi yomwe imakuphunzitsa kuwerengera pasadakhale kuti njira iyi itenga nthawi yaitali bwanji ndipo yachidule ndi iti. Ngati kukhala pansi maola ambiri ndi funso limodzi la masamu kumakutopetsa udziuze zoona panopa, palibe chamanyazi pamenepo.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ma prerequisite, makosi aja sungalowe usanakhoze ina yapambuyo. Zili ngati unyolo, programming yoyamba imatsegula data structures, data structures imatsegula algorithms, ndipo ku zamagalimoto zamagetsi zoyambirira ndi zomwe zimatsegula makosi a masensa ndi kufufuza vuto. Ukalakwa imodzi ya pansiyi, nkupezeka kuti imaphunzitsidwa kamodzi kokha pa chaka, chaka chathunthu chapita ngakhale zina zonse unakhoza. Masukulu enanso safuna kungokhoza chabe, amafuna giredi C kapena kuposa pa makosi a digiri yakoyo, ndiye munthu umasangalala kuti ndadutsa pomwe chitseko chili chotseka. Tenga pepala ujambule mivi, kosi iyi ikutsegula iti, ndipo zomwe mivi yambiri ikuchokerako uzipatse nthawi yochuluka kuposa zina zonse, semesita yomwe zilimo usaidzaze ndi zinthu zina.

Za makirediti, mapointi omwe umapeza ukakhoza kosi iliyonse, ndi zachidule, ku America digiri ya zaka zinayi imakhala pafupifupi makirediti 120, ku Ulaya amawerenga 60 pa chaka, sukulu iliyonse ili ndi kawerengedwe kake ndiye uone kako. Ngati akulonjeza kukuchotsera makosi ena chifukwa cha zomwe unaphunzira kale, akulembere papepala, zapakamwa zimaiwalika. Ufunsenso ngati digiriyo ndi yovomerezeka ndi bungwe loona za maphunziro apamwamba, komanso ngati atachimenti amakupezera malo ndi iwo kapena umasaka wekha. Safunsa adadya phula mwana wanga, pita ku dipatimenti ukafunse, upezenso ophunzira a chaka chachitatu akuuze kosi yomwe imagwetsa anthu.

Ukandifunsa ine, mtima wanga ukupendekera ku zamagalimoto, chifukwa ndimakudziwa kuti chinthu chikawonongeka sugona mpaka utapeza pomwe pavuta, ndipo manja ako sakhala phee. Koma ukapita kumeneko makosi osankha wekha aja usawatayire pa zophweka zongokwezera magiredi, utenge programming, makamaka C, chifukwa mapulogalamu ambiri a mu timakompyuta ta galimoto amalembedwa mu C. Ngati chomwe ukulakalaka ndi kulemba mapulogalamuwo iweyo osati kufufuza mavuto a galimoto, ndiye pita ku computer science, mmenemo usankhe embedded systems (za timakompyuta tokhala mkati mwa makina) ndi zamagetsi, ndipo ine ndikhala nawe limodzi chimodzimodzi.

Unditumizire mindandanda yonse iwiri ndi pepala la mivi lija tisanafike tsiku lotseka mafomu, tiunikire limodzi pa foni. Mayi ako akupereka moni.

Ndine,
Bambo ako