Zithunzi za drone sizigulika mwachisawawa

Akonzi,

Ndikupempha malo kuti ndilankhule ndi achinyamata amene akugula tindege ta drone poganiza kuti alemera msanga pogulitsa zithunzi zojambulidwa mumlengalenga pa Shutterstock kapena Adobe Stock, misika ya pa intaneti yogulitsirapo zithunzi. Misika imeneyi inadzaza kale ndi zithunzi za magombe ndi za dzuwa likulowa, ndipo Adobe Stock imapatsa wojambula 33 peresenti yokha ya ndalama zimene chithunzi chagulidwa nazo. Ine ndikuona kuti ogula amafuna zosowa, monga mlatho ukumangidwa kapena mizere ya mbewu m'munda. Nkhope ya munthu ikaoneka bwino, pamafunika chilolezo chake cholembedwa chithunzicho chisanagwiritsidwe ntchito potsatsa malonda. Achinyamatawa asaiwalenso kuti mayiko ambiri amaletsa kuulutsa kandegeka m'mwamba kupitirira mamita 120 kapena pafupi ndi bwalo la ndege popanda chilolezo.

Ine wowerenga wanu.