Kalata ya Khirisimasi: alembi ankalidziwa vesi koma ku Betelehemu sanapite

Okondedwa abale ndi alongo, akulu a mpingo, madikoni, amayi a Mvano ndi achinyamata a miraga yathu yonse,

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndaganiza zongolemba kalata chifukwa sindikwanitsa kufika konsekonse Khirisimasi isanakwane, mukudziwa nokha kuti mvula ikangoyamba kumtunda uko ku Thyolo ndi ku Mulanje, Ruo ndi Shire samachedwa kudzaza ndipo kuwolokera kutsidya kumavuta. Ndiye akulu a mpingo chonde muwerenge kalatayi Lamulungu likudzali, ndipo amene muli ndi foni muwatumizireko ana athu ali ku Blantyre ndi ku Joni, komanso aja akugwira ntchito ya mzimbe ku Nchalo omwe Lamulungu limawapeza ali pa shifiti.

Chandilembetsa ndi ichi. Sabata yathayi ndinakacheza ndi mayi athu ena, dzina sinditchula ndipo amene mwawadziwa musawaloze chala, omwe sanapondenso mu tchalitchi chiyambire nthawi ya namondwe Freddy ija, Malichi 2023. Madzi anawatengera nyumba, mbuzi ndi mapira onse kumunda, kenaka ali kukampu bambo akunyumba anadwala n'kutisiya. Tinakhala pansi pa mtengo wa nimu, dzuwa lakwathu lino likuswa mtengo, ndiye nditawauza kuti kwaya ikukonzekera nyimbo za Khirisimasi abwere adzamve nawo, anandiyang'ana nati, "Abusa, mukuti Mpulumutsi anabadwa, nanga usiku uja madzi akulowa m'nyumba anali kuti? Ine ndinamuitana mpaka mawu anandithera." Sindinayankhe msanga, tinangokhala chete kwa kanthawi. Pano ndikumva kuti ena mwa ife akuti mayiwa aitanidwe kubwalo la mpingo poti akuyankhula ngati wakunja. Ine ndikuti ayi, tiyambe kaye tatsegula Baibulo tione kuti kusakhulupirira kumene Mulungu amadana nako ndi kuti, chifukwa ndikuopa kuti tingaweruze munthu wolakwika.

Tsegulani Mateyu 2. Anzeru akum'mawa afika ku Yerusalemu akufunsa za mfumu ya Ayuda yomwe yabadwa, Herode wavutika mtima, wasonkhanitsa akulu a ansembe ndi alembi n'kuwafunsa kuti Khristu adzabadwira kuti. Taonani mmene anayankhira, sanachite kupempha kuti akafufuze kaye, pompo anati ku Betelehemu wa ku Yudeya, ndipo anatchula mawu a mneneri Mika, aja timawapeza pa Mika 5:2, olembedwa zaka pafupifupi 700 Yesu asanabadwe. Anakhoza. Akanakhala pa kalasi ya katekisimu akanapambana onse. Koma funso langa ndi lakuti, atayankha choncho anapita kuti? Kuchoka ku Yerusalemu kufika ku Betelehemu ndi makilomita ngati 9 kapena 10 basi, mtunda woti amayi athu amayenda atasenza mtolo wa nkhuni kupita kumsika n'kubwerako tsiku lomwelo, koma Mateyu satiuza kuti panapezeka mlembi ngakhale m'modzi amene anati tiyeni tiwaperekeze alendowa tikaone ngati n'zoona. Alendo ochokera kutali, opanda Chilamulo, opanda aneneri, anayenda. Eni ake malemba anapinda mipukutu yawo n'kubwerera kunyumba.

Abale anga, uku ndiye kusakhulupirira kumene kumandiopsa ine, ndipo sikukhala kumowa kapena kubawo ayi, kumakhala pa benchi ya kutsogolo. Munthu amadziwa vesi, amadziwa nyimbo osayang'ana m'buku, akhoza kukuuza lonjezo kuyambira pa Genesis 3:15 kudzera kwa Abrahamu ndi Davide mpaka pa Yesaya 9:6, koma phazi silinasunthepo. Mkwiyo womwe ali nawo pa m'bale wake chifukwa cha malire a dimba ndi womwewo wa zaka khumi zapitazo, sikelo yomwe amagulira nayo thonje kapena nandolo kwa anzake ndi yokhota yomweyo, mwana akadwala usiku amayamba kaye wathamangira kukaombeza ndiye m'mawa n'kudzati abusa tipempherereni. Ife a kuchigwa kuno tikuyenera kuimvetsa nkhaniyi kuposa aliyense, chifukwa timadziwa kusiyana kwa kumva chenjezo ndi kulikhulupirira. Wailesi ikalengeza kuti madzi akubwera, a komiti akayenda ndi chimkuzamawu m'mudzi, tonse timamva, koma amene wakhulupirira umamuonera kumapazi, wamanga katundu, watenga ana, wakwera kumtunda. Ndikudziwa kuti ambiri amatsalira osati chifukwa cha makani koma alibe kopita kapena akuopa kuti mbuzi zibedwa, ndiye sindikudzudzula aliyense pa za madzi, ndikungoti pa nkhani ya Yesu kopita kulipo ndipo khomo ndi lotsegula, ndiye chotitsalitsa n'chani?

Palinso mtundu wina womwe ndiyenera kuunena ngakhale ukhoza kuwawa. Pa Yohane 6 Yesu anadyetsa amuna 5,000 ndi mikate isanu ndi nsomba ziwiri, anthu anasangalala mpaka anafuna kumugwira kuti amulonge ufumu, m'mawa mwake anakwera mabwato kukamusaka ku Kaperenao. Ukanawaona ukanati eee koma ndiye chitsitsimutso. Koma Yesu anawauza maso ndi maso pa vesi 26 kuti akumufuna chifukwa anadya mkate n'kukhuta. Atayamba kuwaphunzitsa kuti mkate weniweni ndi Iye mwini, vesi 66 likuti ambiri a ophunzira ake anabwerera ndipo sanayendenso naye. Ndimaona ndi maso anga kuti kukamveka mphekesera yoti ku tchalitchi kulembedwa mayina a chimanga kapena ufa wa thandizo, mabenchi amachepa, ena mpaka kukhala pawindo, koma mndandanda ukatha Lamulungu linalo timatsala omwe aja. Njala ndi yeniyeni, ndimaidziwa, ndipo kulandira thandizo si tchimo, Yesu yemweyo anawadyetsa anthu aja mwachifundo asanawadzudzule. Koma ngati Mpulumutsi amene tikumudikira ndi wongobweretsa thumba la makilogalamu 50, tsiku lomwe thumba silidzabwera tidzamusiya, ndipo n'chifukwa chake ena mwa ana athu akungoyendayenda kwa aneneri ogulitsa madzi ndi mafuta m'timabotolo, lero uku mawa uko, kusaka mpulumutsi amene achite zofuna zawo mwachangu.

Tsopano tibwerere kwa mayi aja, ndipo pano ndikufuna tichedwepo. Pa Mateyu 11 tikupeza Yohane Mbatizi ali m'ndende. Uyu si munthu wamba, ndi yemwe uja anatakataka m'mimba mwa Elizabeti Mariya atafika, yemwe uja anabatiza Yesu mu Yordano n'kuona Mzimu akutsika ngati nkhunda, yemwe analoza ndi chala chake n'kuuza anthu kuti uyu ndiye Mwanawankhosa wa Mulungu. Anamangidwa chifukwa chonena chilungamo, anadzudzula Herode Antipa potenga Herodiya mkazi wa m'bale wake Filipo. Ndiye ali mumdima muja masiku akupita, Yesu akuchiritsa anthu ku Galileya koma kundende kuno osabwera, Yohane anatuma ophunzira ake kukafunsa kuti kodi ndinudi uja ankati adzabwera, kapena tidikire wina? Tamvani funsolo bwinobwino. Kodi likusiyana pati ndi la mayi athu aja pansi pa nimu?

Ndiye taonani zomwe Yesu anachita. Sanati mukamuuze Yohane kuti wandikhumudwitsa, sanamuitanire kubwalo. Anati pitani mukamuuze zomwe mukumva ndi kuona, akhungu akupenya, olumala akuyenda, akhate akuyeretsedwa, ogontha akumva, akufa akuukitsidwa, ndipo osauka akulalikidwa Uthenga Wabwino. Ambiri mwa mawu awa ndi ochokera kwa Yesaya, chaputala 35 ndi 61, omwe Yohane ankawadziwa bwino. Koma pali kanthu kena komwe ndikawerenga kamandigwira mtima kwambiri. Pa Yesaya 61:1 palinso mawu onena za kumasulidwa kwa am'nsinga, ndipo Yesu mwini anawawerenga m'sunagoge ku Nazarete pa Luka 4, koma mu yankho lopita kwa munthu amene ali m'ndende mawu amenewo mulibe. Yohane sanatuluke, anadulidwa mutu momwemo. Yesu sanamunamize kuti zonse zikhala bwino mawa. Anamupatsa umboni woti Wolonjezedwa uja wafikadi, n'kuonjezera kuti ndi wodala amene sakhumudwa chifukwa cha Iye. Ndipo ophunzira aja atangonyamuka, anatembenukira kwa anthu n'kunena kuti mwa obadwa mwa akazi sanaukepo wamkulu woposa Yohane Mbatizi. Munthu wangomaliza kumene kufunsa funso lokayika, Yesu akumuchitira umboni pagulu.

Kusiyana kwa Yohane ndi alembi aja kuli apa, Yohane funso lake analitumiza kwa Yesu. Alembi analibe funso lililonse, anali ndi mayankho okhaokha. Mayi athu aja akuti ndinamuitana mpaka mawu anandithera, ndiye ndikufunseni, munthu amaitana mpaka kusasa mawu munthu amene sakhulupirira kuti alipo? Mkwiyo wawo uli pa Mulungu chifukwa ankamudalira. Masalimo adzaza ndi kulira kotere, Salimo 13 likufunsa kuti mpaka liti, Salimo 22 likufunsa kuti mwandisiyiranji, ndipo ndi mawu omwewo amene Mpulumutsi wathu anafuula pamtanda. Ndi zomwe ndinawauza mayiwo pamapeto pake, kuti chifukwa chomwe madzi anatengera nyumba yawo n'kusiya ya oyandikana nawo ine sindingachifotokoze ndipo sindiyerekeza n'komwe, koma Yesu amene timamulalikira anafuulapo kulira komweko, anafa, tsiku lachitatu anauka, ndipo bambo aja amene tinawaika m'manda akumudalira sanatayike. Sanandiyankhe kanthu. Anangondipempha kuti ndipemphere ndisanachoke, ndipo ndinapemphera.

Kumbukiraninso Zekariya, wansembe wolungama amene anapempherera mwana zaka zambiri, koma mngelo Gabrieli atabwera ndi yankho m'Kachisi momwe iye anakayika, n'kukhala wosalankhula mpaka mwana atabadwa. Mulungu anamulanga inde, koma lonjezo sanalibweze, Yohane anabadwabe ndipo pakamwa pomwe panatsekedwa paja ndi pomwe panatuluka nyimbo ya pa Luka 1:68. Nayenso bambo uja wa pa Marko 9:24 anati ndikukhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwanga, zonse ziwiri mu mpweya umodzi, ndipo mwana wake anachira. Ndiye inu amene nyumba yanu inatsala chilili ndipo mukuona ngati chikhulupiriro chanu n'cholimba kuposa cha mnzanu, akulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Tinaona madzi mu 2015, tinawaonanso mu 2019, namondwe Ana mu 2022, Freddy mu 2023, palibe wa ife amene angalumbire kuti mtima wake udzaima bwanji tsiku lake likadzafika.

Musandimve molakwa, sindikuti kukayika n'kwabwino kapena kuti munthu akhale momwemo mpaka kalekale. Yohane 3:18 ndi vesi lolemera ndipo sindingalipepukitse, amene akana Mwana wa Mulungu ali pa chiweruzo. Yohane 1:11 akuti anadza kwa ake a Iye yekha ndipo ake sanamulandire, ndiye mawu akuti "ake" amenewo azitiopsa ife a mu tchalitchi tisanayambe kuwerengera ena. Koma vesi 12 likupitiriza kuti onse amene anamulandira anawapatsa mphamvu yokhala ana a Mulungu, ndipo kulandira kumeneko nthawi zina kumayamba ndi misozi ndi mafunso, monga Tomasi amene anatha sabata yathunthu akukana koma sanachoke pagulu la anzake, ndipo anzakewo sanamuthamangitse, Yesu atabweranso anamupeza ali pakati pawo.

Ndiye pempho langa ndi ili. Nkhani yoitanira mayi aja kubwalo ithe, ndakambirana kale ndi ena mwa akulu a mpingo ndipo tidzaimaliza pa msonkhano wathu. M'malo mwake mlaga uliwonse ukhale pansi ukumbukire anthu amene anasiya kubwera chichokereni kukampu, alipo ambiri kuposa mmene tikuganizira, ndipo amayi a Mvano ndi madikoni muwayendere awiriawiri Khirisimasi isanafike. Mukapita musakayambe ndi kufunsa za chopereka kapena khadi la umembala, ndipo musathamangire kuyankha funso lililonse, mukakhale nawo, mukamve, mukawerenge Mateyu 11:2 mpaka 11 ngati alola, ndipo ngati denga likudontha achinyamata mukathandize kufolera mvula isanalimbe. Inunso amene simunaphonyepo Lamulungu, muwerenge Mateyu 2 panokha kunyumba ndipo mudzifunse kuti Betelehemu wanu amene mukumudziwa koma simunapiteko ndi uti, kaya ndi m'bale woti mukapepesane naye, kaya ndi chithumwa chomwe chikadali kudenga.

Mapemphero a Khirisimasi adzayamba m'mamawa dzuwa lisanatenthe kuti agogo athu ndi amayi a makanda adzathe kufika, ndipo a kutsidya ngati madzi adzakhale atakwera musadzakakamize kuwoloka, mudzapempherere komweko ndi mkulu wa mpingo wanu, ine ndidzabwera kudzapereka Mgonero madzi akadzaphwera. Mundipempherere nanenso ndi banja langa.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.