Timitengo tako sitinalodzedwe

Chilenje, Lusaka

Mwana wanga,

Ndikudziwa kuti kuchoka kuno kufika ku yunivesite kwanuko ndi minibasi ziwiri basi, koma pa foni umandidula ndisanamalize, ndiye uwerenge. Amako andiuza kuti Lamlungu unagwetsa misozi, ati timitengo tagalasi tomwe ukuyeza pa maikulosikopu sitikumva, kena kalozera uku kena uko, ndipo ukuganiza zofufuta mavidiyo osokonekera n'kusunga okongola okha. Usayerekeze.

Timitengoto sitinalodzedwe. Mamolekyu a madzi, tizidutswa tosaoneka tomwe timapanga madziwo, sagona, amagunda kamtengo usana ndi usiku, ndipo nkhonya zakumutu sizilingana ndi zakumchira, n'chifukwa chake kamangopotoloka kopanda wokatuma. Robert Brown anaona kunjenjemera kotereku mu 1827, m'tizidutswa tochokera mu mungu wa maluwa, ndipo anamwalira asanadziwe gwero lake. Einstein ndiye anamasulira mu 1905. Jean Perrin anayeza ngakhale kuzungulira kwa timipira tating'ono, nalandira mphoto ya Nobel mu 1926, kenaka mwana wake Francis anadzalemba masamu a tinthu totalika ngati dzira mu 1934. Bambo ndi mwana, ukuona? Ine ndinathera pa choko, iwe pitiriza.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Kamtengo kamodzi sikangakuuze kanthu. Tenga mazana, uyeze ngodya yomwe kalikonse katembenuka, uichulukitse ndi iyo yomwe, upeze avereji. Pamenepo udzaona mzere wowongoka ukukwera limodzi ndi nthawi, ndipo kupendekeka kwa mzerewo ndiyo nambala ukuifuna, yosonyeza liwiro la kutembenuka kwa timitengoto. Ukachotsa timitengo tosamvato mzere ugona, nambala itsika, ndipo m'buku lako ulemba bodza. Aphunzitsi ako mwina sangaligwire. Iwe udzalidziwa.

Ngati manambala akubalalikadi, yamba wayang'ana utali. Mthiko umautembenuza ndi dzanja limodzi, koma tayesa kutembenuka ndi nsungwi paphewa pakati pa msika wa Soweto. M'madzi n'chimodzimodzi, ndipo kumeneko n'koposa: kamtengo kakatalika kawiri, kutembenuka kwake kumachedwa pafupifupi kasanu ndi katatu. Kusiyana pang'ono komwe diso lako likunyoza kukhoza kukhala vuto lonselo. Kachilombo ka matenda a fodya aja amachititsa masamba mawangamawanga, kotalika mananomita 300 okha (milimita imodzi ndi mananomita miliyoni), kamasintha kolozera kambirimbiri usanaphethire, pomwe tako tamamaikulomita (maikulomita imodzi ndi mananomita 1,000) tikhoza kukudikiritsa masekondi. Tipatule potsata utali usanatiphatikize.

Lemba kutentha kwa m'chipinda tsiku lililonse. Madzi a madigiri 30 ndi opepuka kuposa a madigiri 20, kulimba kwake kumatsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ndiye za mu Juni usazithire m'thumba limodzi ndi za mu Okutobala muno, makamaka masiku omwe magetsi athima, fani itaima.

China ndinachiphunzira ndi manyazi. Chaka china ndinadontheza mkaka m'madzi kuti ana a Giredi 10 aone timafuta tikuvina. Ahedi anali chilili kumbuyo. Mwana woyamba atasuzumira anati, "Aphunzitsi, tonse tikupita kumanzere ngati zinyalala mu ngalande ya mvula." Sindinamate m'mbali mwa kagalasi kovindikira, madzi ankauma mbali imodzi n'kumakoka zonse. Madzi akamayenda chonchi, timitengo timakonda kugona motsata mtsinjewo, ndipo umayeza zina poganiza kuti ukuyeza zako. Kuyambira tsiku limenelo kyutekisi ya amako inkasowa pa dresala, ndinkamatira m'mbali mwa kagalasi, mpaka lero sanandikhululukire.

Loweruka ubwere ndi kope lako ndi mavidiyo onse, oipawo makamaka, tidzawaone limodzi pa laputopu. Amako agula kale chibwabwa ndi nsinjiro. Ati botolo la kyutekisi akupatsa, koma losaoneka mtundu, lofiira lija usalikhudze.

Ndine,
Atate ako