Kalata kwa achimwene okonzekera ulendo wa ku Crete

Okondedwa achimwene,

Kalata yanu yafika, ndipo ndabwereza kawiri pomwe mwalemba kuti inu ndi alamu mukufuna kuzungulira chilumba chonse cha Crete, ku Greece, pagalimoto m'masiku asanu. Achimwene, Crete si Likoma ayi. Kuchokera kumadzulo kukafika kum'mawa ndi makilomita pafupifupi 260, ndipo pakati pake pakhala mapiri a Lefka Ori ndi Psiloritis, onse opitirira mamita 2,400. Msewu waukulu ndi umodzi wokha, wa m'mbali mwa nyanja chakumpoto, wodutsa matauni a Chania, Rethymno ndi Heraklion. Mukangopatuka kulowera kumwera ndi makhotamakhota okhaokha, moti makilomita 75 ochoka ku Chania kupita kugombe la Elafonisi amadya ola ndi theka kapena kuposa. Sankhani mbali yakumadzulo basi. Tsikirani pabwalo la ndege la Chania, ndipo malo ogona akhale oti ali ndi poimika galimoto, chifukwa m'kati mwa tauni yakale ya Chania tinjira tambiri ndi ta oyenda pansi.

Galimoto tengani yaing'ono, yonga Fiat Panda, chifukwa m'midzi yam'mapiri msewu umapapatiza mpaka kalilole kutsala pang'ono kukhula khoma. Ngati mukufuna ya otomatiki lembetsani msanga, zimakhala zochepa. Kumeneko amayenda kumanja, chiwongolero chili kumanzere, giya mumasintha ndi dzanja lamanja. Inu mwakulira kumanzere kuno kwathu, ku Britain nakonso ndi kumanzere, ndiye manja anu sadziwa china. Pamsewu wodzaza magalimoto simungasokere chifukwa mumangotsata anzanu. Ngozi ili m'mawa potuluka pamalo ogona, kapena pochoka pomwetsera mafuta msewu uli zii, pamenepo thupi limakutengerani kumanzere lokha. Alamu azikukumbutsani mokweza nthawi iliyonse mukamalowa mumsewu, ngakhale mukwiye. Komanso pamsewu waukulu uja, wina akakuthinani kumbuyo, chizolowezi chakumeneko ndi choti woyenda pang'onopang'ono amasendera m'mphepete, kunja kwa mzere, kuti mnzake adutse. Senderani pokhapokha mukuona patsogolo bwino, osati pakhota, chifukwa m'mphepete momwemo mumagwera miyala yochoka m'phiri ndipo mbuzi zimagonamo.

Tsopano chimene chandisowetsa tulo ndi chithunzi cha gombe la Balos chimene mwaika m'kalatamo. Ndikukudziwani, mukaona msewu wafumbi mumati ife tinakulira m'misewu yotere. Msewu wa ku Balos ukayamba kupitirira mudzi wa Kaliviani ndi makilomita pafupifupi 8 a miyala yosongoka, m'mbali mwa phompho, ndipo kumapeto kwake mumasiya galimoto n'kutsetsereka wapansi. Vuto si luso lanu ayi, vuto ndi pepala limene mudzasaine. Makampani ambiri obwereketsa magalimoto amalemba kuti inshuwalansi imathera pomwe phula lathera. Ngakhale pa phula pomwe, inshuwalansi wamba imene imabwera ndi galimoto kawirikawiri sikhudza matayala, magalasi ndi kunsi kwa galimoto, zomwe ndi zinthu zitatu zenizeni zimene miyala imawononga. Mwala umodzi ukaboola pansi pa injini mafuta n'kutayika, ndalama yokokera galimoto ndi yokonzera yonse ikhala yanu, ndipo adzaidula pa khadi lomwe munapereka ngati chikole. Khadi limenelo liyenera kukhala la kirediti, la dzina la woyendetsa, osati la alamu. Funsani musanasaine kuti galimoto itaphwanyika mungalipire zingati za m'thumba mwanu inshuwalansi isanayambe kulipira, ndipo ngati pali yowonjezera yokhudza matayala ndi magalasi, lipirani. Jambulani galimoto yonse pafoni musanaichotse pamalo, marimu, denga, geji ya mafuta, kakanda kalikonse. Koma za Balos ndikubwerezanso, chonde musalowetseko galimoto ya eni. Isiyeni padoko la Kissamos mukwere boti, limadzera pa kachilumba ka Gramvousa n'kukakutulani pagombe pomwepo. Ndalota kale muli chiimire padzuwa ndi tayala lophulika, alamu atakhala pamwala osakuyankhulani.

Paja Nabanda wachira, mwana wamkazi, onse ali bwino. Amalume anu akudandaula kuti simuwaimbira.

Za chigwa cha Samaria musalakwitse monga amachitira ambiri. Ulendo wake ndi wapansi, makilomita 16, kuyambira ku Xyloskalo, polowera chigwachi pamwamba pa mudzi wa Omalos, kutsetsereka mpaka kunyanja kumudzi wa Agia Roumeli. Ku Agia Roumeli sikufika msewu wa galimoto. Mumachokako pa boti kupita ku Sougia kapena ku Chora Sfakion, ndiye mukasiya galimoto pamwamba paja mudzaipeza bwanji madzulo miyendo italema? Tsiku limenelo galimoto igone ku Chania, mukwere basi ya m'mamawa kupita ku Omalos, pobwerera basi ina imadikira boti. Chigwachi chimatsegulidwa kuyambira cha mu Meyi mpaka Okutobala, ndipo nyengo ikaipa amatseka, choncho musachiike tsiku lomaliza. Nsapato zikhale zozolowera phazi, osati zatsopano.

Popita ku Elafonisi mudzadutsa ku Topolia, pomwe msewu unaboola phiri mopapatiza ndipo magalimoto amalowa mosinthana potsata maloboti. Nyamukani dzuwa lisanakwere, mabasi a alendo asanadzaze njira. Thirani mafuta musanayambe kukwera mapiri, m'midzi malo omwetsera ndi otalikirana ndipo ena amatseka msanga. Pazikwangwani musadabwe kuona Hania m'malo mwa Chania, kapena Iraklio m'malo mwa Heraklion, ndi malo omwewo. Ngati alamu akakamira Knossos, mabwinja a nyumba yachifumu yakalekale amene Arthur Evans, wofukula zakale wa ku Britain, anayamba kufukula mu 1900, ili makilomita 5 kumwera kwa Heraklion, koma kuchoka ku Chania ndi maola awiri kupita kokha. Pafupiko ndi Chania kuposa Knossos pali nyumba ya amonke ya Arkadi, kufupi ndi Rethymno, yotchuka ndi nkhondo ya mu 1866.

M'malo odyera mukamaliza kudya amakonda kubweretsa kabotolo ka raki kaulere. Ndi kachasu ameneyo, achimwene, woyendetsa asalawe. Pakagwa zovuta nambala ndi 112.

Nanga mapepala? Pasipoti yanu ikadali ya Malawi, ndiye chilolezo chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku Greece, mufunika viza ya Schengen, yolowera m'gulu la maiko a ku Ulaya lomwe Greece ilimo, inu ndi alamu aliyense yake, ndipo musadikire sabata yomaliza. Laisensi ya ku Britain amailandira, koma ngati mukuyendera ya kuno mutenge International Driving Permit, chilolezo choyendetsera galimoto m'maiko ena. Kuchoka kwanu kunatisiyira bwalo lozizira, Loweruka madzulo bawo ilibe wondigonjetsa, ndipo ndikamalemba za misewu ya kutali chonchi mtima umangoti mwina tchuthi chinacho mudzabwera kuno. Ndimafuna ndikuuzeninso za maraundabauti akumeneko, chifukwa pa ena wolowa ndiye amayamba kudutsa pokhapokha pali chikwangwani chomuimitsa, koma pepala latha.

Ine wanu,
mnzanu wa pabawo