Konzani kosi yanu ya mbiri ya Germany musanalembetse anthu ena

Kwa inu eni kosi ya pa intaneti yophunzitsa mbiri ya Germany komanso kupululidwa kwa mitundu ya anthu: talemba poyera chifukwa maimelo simukuyankha, chonsecho aphunzitsi omwe analipira akutenga zolakwikazi n'kukaziphunzitsa m'kalasi.

Vuto lalikulu lili pa mayeso a gawo lachinayi. Funso likuti kupha Ayuda mwaunyinji kunayamba liti, ndipo makina anu akuchonga yankho limodzi lokha, loti pa msonkhano wa akuluakulu a boma la Nazi ku Wannsee, mumzinda wa Berlin. Ayi ndithu. Msonkhanowu unachitika pa 20 January 1942, pomwe magulu a Nazi opha anthu otchedwa Einsatzgruppen anali akuwombera Ayuda chiyambire June 1941, Germany italowa m'dziko la Soviet Union. Ku Babi Yar, mumzinda wa Kyiv, anapha Ayuda 33,771 m'masiku awiri okha, pa 29 ndi 30 September 1941. Ku Chełmno, m'dziko la Poland, anayamba kupha anthu ndi utsi wa galimoto mu December chaka chomwecho. Reinhard Heydrich, mkulu wa zachitetezo m'boma la Nazi, anaitanira akuluakulu a maunduna ku Wannsee kuti agwirizane kayendetsedwe ka ntchito yomwe inali m'kati kale. Ndiye taonani, wodziwa zimenezi akulakwa mayeso, woloweza zolakwika ndiye akukhoza.

Mapu anu nawonso aika chizindikiro chofanana pa Dachau ndi Treblinka. Dachau inatsegulidwa mu March 1933 kuti azitsekeramo otsutsa boma, pomwe Treblinka inamangidwa mu 1942 kuti azipheramo anthu, ambiri atangotsika sitima. Mwana akafunsa kusiyana kwake, mphunzitsi ayankha chiyani?

Nanga za ku Namibia zili kuti? Chilengezo chanu chinalonjeza mbiri yoyambira mu 1871, koma kupululidwa kwa Aherero ndi Anama ndi asilikali a Germany pakati pa 1904 ndi 1908 mwangokudumpha. Mulibe lamulo lopha Aherero lomwe Lothar von Trotha, mkulu wa asilikali a Germany kumeneko, anapereka pa 2 October 1904, mulibe chipululu cha Omaheke komwe anthu anafa ndi ludzu, ngakhale ndende ya Shark Island ku Lüderitz. Boma la Germany lenilenilo linavomereza mu May 2021 kuti kumeneku kunali kupulula mtundu.

Chonde konzani yankho la funsolo, muchongenso mayeso a onse omwe analemba, ndipo omwe anamanidwa satifiketi chifukwa cha funso limeneli apatsidwe popanda kulipiranso. Mutiuzenso pompano tsiku lomwe mapu akonzedwe ndi lomwe gawo la Namibia lilowe mu kosiyi.