Kwathu timawerenga, chosowa ndi mabuku a m'Chichewa

Akonzi,

Ndiloleni nane ndiikepo mlomo pa dandaulo lomwe likumveka paliponse masiku ano loti anthu tinasiya kuwerenga, ati mafoni atimaliza, ana angodziwa TikTok basi. Mbali ina nzoona sindikana, wanga wachisamba ukamusiya ndi foni amaiwala ndi nsima yomwe. Koma odandaulawo pali funso limodzi lomwe safunsa, kodi munthu wofuna kuwerenga m'chilankhulo chake kuno ku Lusaka apite kuti, akagule chani? Ine ndine mmodzi mwa anthu oti tsiku silitha osatsegula buku, nde ndikuuzeni mmene zimakhalira kwathu kuno mwina muona pomwe pagona vuto.

Ndimakhala ku Chilenje, osati patali ndi nyumba ija ya nambala 394 yomwe a Kaunda ankakhala nthawi yomenyera ufulu, koma kumudzi ndi ku Katete. Ndine telala, ndili ndi kashopu pamsika. Ana atatu, bambo awo ndi owotcherera mageti ndi mawindo, tilinso ndi apongozi anga omwe anabwera kudzaonetsa maso kuchipatala n'kungokhaliratu. Nyumba ndi yaing'ono anthu sikisi, poti munthu ukhale phee palibe. Ndimadzuka kusanache kutunga madzi pampopi asanasiye kutuluka, kukoleza mbaula, phala, mayunifomu, uyu wataya sokosi uyu akulirira pensulo yomwe anatafuna yekha dzulo, pofika seveni ndimakhala ndatopa kale tsiku lisanayambe. Buku langa limakhala m'chikwama limodzi ndi sizasi ndi tepi. Ndimawerenga pashopu kasitomala akachedwa, ndimawerenga pa Kulima Tower podikira minibasi kuti idzaze ndikapita m'tauni kogula ulusi ndi mazipi, anyamata oitanira akukuwa m'khutu momwe, ndipo ena amakuyang'ana ngati ukudzionetsera. Bambo wina anandifunsapo kuti mayi mukubwereza mayeso eti? Kwa iwo munthu wamkulu sangagwire buku popanda mayeso.

Mabuku ndimagula kwa anyamata oyala pansi m'mbali mwa Cairo Road, ogwiritsidwa kale ntchito, ena ali ndi chidindo cha sukulu za ku England. Atsopano a m'mashopu a ku mall ndimangowasisita n'kubwezera, mtengo wa limodzi ukhoza kugula thumba la ufa ndipo m'nyumba muno thumba la ufa ndi lomwe limapambana nthawi zonse.

Zowerengera banja lonse zinayamba mu 2024. Chaka chija chinatiyamba ndi kolera, sukulu osatsegula mpaka February, kenaka chilala chomwe a Pulezidenti analengeza kumapeto kwa mwezi womwewo kuti ndi ngozi yogwera dziko. Madzi ku Kariba anatsika zedi moti pofika miyezi yotentha magetsi tinkawaona maola atatu patsiku, nthawi zina pakati pausiku, bambo a kwathu kumagona masana kuti akayaka athamangire kowotcherera, ine n'kubwerera ku mashini opalasa ndi miyendo omwe ndinali nditawaponya pakona. TV zii, mafoni opanda moto, ana kumangoyambana mumdima. Nditalandira chilimba ndinagula kanyale ka sola, tsiku lina titadya ndinangoyamba kuwerenga mokweza kuti phokoso lithe, basi mpaka lero chinasanduka chizolowezi ngakhale magetsi akhalepo.

Lomwe tamaliza posachedwapa ndi la mbiri ya damu la Kariba lomwelo, lachizungu, chikuto chinathothoka kale. Ndinalitola dala, ndinkafuna ndidziwe kuti chinthu chomwe chimatigoneka mumdimachi chinabwera bwanji. Akonzi, ine sukulu ndinapitako ndithu koma zambiri za m'menemo sindinaphunzitsidwe. Linamangidwa kuyambira 1955 mpaka 1959 nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kampani ya ku Italy ndi yomwe inagwira ntchitoyo, khoma lake ndi lotalika mamita 128. Akuno kumpoto ankafuna damu limangidwe pa Kafue koma boma la chitaganya ku Salisbury, komwe pano ndi Harare, linasankha Kariba, ndipo makina oyamba opangira magetsi anaikidwa tsidya la kumwera, athu a tsidya lino anadzabwera m'ma 1970. Mtsinje wa Zambezi unasefukira koopsa mu 1957 ndi 1958 n'kuononga ntchito, Atonga n'kumati ndi Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo, wakwiya, ndipo antchito oposa 80 anafera pomwepo.

Koma pomwe tinakhalitsa ndi pa anthu. Atonga a m'chigwa cha Gwembe pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje anasamutsidwa, kukwezedwa m'malole n'kukatulidwa kumtunda kouma, ena mpaka ku Lusitu, kusiya minda ya m'mbali mwa madzi yomwe ankakolola kawiri pachaka, kusiya manda a makolo kuti amire. Mu 1958 ena anakana kuchoka, apolisi anaombera, anthu asanu ndi atatu anafa. Nthawi yomweyo kunali ntchito yopulumutsa nyama zomwe zinatsekeredwa pa zilumba madzi akukwera, ankaitcha Operation Noah, nyama pafupifupi 6,000, ndipo dziko lonse lapansi linaona zithunzi za chipembere chikukokedwa pa bwato. Sindikuti nyama zikanasiyidwa zife ayi, koma chimandiwawa kuti m'buku langalo zithunzi za nyama ndi zambiri kuposa za anthu, ndipo osamutsidwawo anakhala zaka ndi zaka mawaya akudutsa pamwamba pa midzi yawo kupita ku migodi iwo akuunikira moto.

Nditafika apa apongozi, omwe ndinkayesa agona pampando, anangoti, inu amake ana, tabwerezani pamenepo pa manda. Ndinabwereza. Anakhala chete kenaka n'kuyamba kutiuza za amalume awo omwe anatengedwa ndi olemba anthu ntchito n'kupita ku Kariba iwo ali kamtsikana, ati anabwera ndi bulangete, njinga ndi chifuwa chomwe sichinathe. Mwana wawo weniweni, bambo a kwathuwa, anali asanaimvepo nkhani imeneyi. Iwowa ndi aja amati ine za mabuku ayi, amakhala pakhomo chakunja ngati akukonza kanthu, koma ukadumpha tsamba amadziwa. Usiku umenewo anafunsa kuti ndiye kuti mdima tikuuonawu ndi temberero la anthu aja? Ine ndinati ayi bambo, ndi mvula, komanso magetsi athu ambiri timadalira madzi nde chilala chikabwera zonse zimagwera pamodzi. Apongozi sanavomere, ndipo sindinalimbane nawo, apongozi sulimbana nawo pamaso pa ana.

Chomwe chinasangalatsa ana ndi kapenta. Mawa lake ndiwo zinali kapenta wa ku Siavonga wokazinga ndi tomato, nde ndinawauza kuti nsomba imeneyi mu Kariba munalibe, anachita kukaitenga ku nyanja ya Tanganyika chakumapeto kwa ma 1960 n'kudzaithira. Mzime wanga anayang'ana m'mbale n'kunena kuti kani wa ku Siavonga ndi wa ku Mpulungu ndi pachibale, nanga bwanji amasiyana mtengo. Funso limenelo ndakusiyirani inu.

Tsopano vuto langa ndi ili. Zonsezi ndimawerenga m'chizungu n'kumamasulira pompo, maso ali pa tsamba pakamwa pakutuluka Chichewa, chifukwa apongozi chizungu samva ndipo wamng'onoyo amangotola apo ndi apo. Zili ngati kusoka diresi mwini wake atalivala, umabaya pena, pena umangolumikiza kuti zipite. Pofika tsamba lachitatu mutu umakhala ukuwawa, zina ndimadumpha, zina ndimakometsera, ndipo ndimadziwa kuti akumva nkhani yanga osati ya wolemba. Chonsecho apongozi anga kuwerenga amadziwa bwino lomwe, anaphunzira kusukulu ya mishoni, Buku Lopatulika analimaliza maso asanayambe kuvuta ndipo mavesi amakuuza pamtima. Ndikayang'ana za m'Chichewa zomwe zili m'nyumba muno ndi Baibulo, buku la nyimbo, timapepala ta chipatala tophunzitsa kusamba m'manja, ndi mabuku a kusukulu a mwana. Basi. Chilankhulo chomwe chimamveka mu minibasi iliyonse ya mu Lusaka, chimodzi mwa zisanu ndi ziwiri zomwe boma linasankha kuti zizimveka pa wailesi ndi kuphunzitsidwa m'sukulu, cholankhulidwa kuyambira kuno mpaka ku Malawi ndi ku Tete, koma ukafunsa anyamata a pa Cairo Road buku la nthano la Chinyanja amakuseka, amati mayi yesani kutchalitchi.

Sizinali choncho kale. Ife tikukula kunali nyuzi ya boma ya Tsopano, a Chibemba anali ndi Imbila, a Chitonga Intanda, a Chilozi Liseli, ndipo inkafika mpaka kumudzi, munthu mmodzi kuwerenga pansi pa mtengo ena kumvetsera, ikatha agogo n'kupichirira fodya. Kunali timabuku ta NECZAM, kampani ya boma yosindikiza mabuku, ta nthano ndi miyambi, tating'ono totsika mtengo, tinkabwerekana mpaka kuthothoka. Madzulo pa wailesi kunali nthano zoti mudzi wonse unkasonkhana kwa yemwe ali ndi mabatire. Anthu omwe ankakonda zimenezo sanafe onse, tilipo, ndipo tabereka.

Za ana ndiye musanene. Anga amalankhula cha m'tauni chosakaniza ndi Chibemba ndi chizungu, kunyumba sitivutana, koma akapatsidwa homuweki ya Cinyanja amathamangira kwa ambuya awo ngati ndi chilankhulo cha dziko lina, wapakatiyo anandiuza kuti chizungu n'chophweka kuposa. Ndimamumvetsa, chizungu amachiona paliponse, pa TV, pa paketi ya sopo, m'mabuku a zithunzi okongola, pomwe chathuchi amakumana nacho polemba mayeso pokha. Mwana sangakonde chinthu chomwe amangochiona tsiku lokwapulidwa. Koma ambuya akayamba nthano ya kalulu amakhala duu, mawu ovuta omwewo amawamva bwinobwino chifukwa akufuna adziwe kuti fisi zimuthera bwanji.

Musaganize kuti ndimangowerenga zolemera. Mwezi wathawu ndinali ndi kanovelo kachikondi ka ku Nigeria komwe ndinazindikira mochedwa kuti masamba omaliza kalibe, azimayi anzanga pamsika omwe ndinkawafotokozera tsiku ndi tsiku anakwiya ngati ndang'amba ndine, mpaka aliyense anapeka mathero ake, ambiri anagamula kuti mwamunayo asiyidwe. Pano ndayamba la mbiri ya mzinda uno, kuti unayamba ngati kasiteshoni ka njanji mu 1905, likulu linasamuka ku Livingstone kubwera kuno mu 1935, ndipo makomboni ngati John Laing ndi John Howard anatenga maina a azungu omwe anali eni malowo. Okonza mapulani sankaganiza n'komwe kuti anthu akuda adzakhazikika m'tauni ndi mabanja awo, lero tapitirira 2 miliyoni, nde musadabwe Kanyama akamasefukira dzinja lililonse. Limeneli ndikuwerenga ndekha kaye, ndilibe mphamvu zomasulira awiri nthawi imodzi.

Pempho langa kwa inu akonzi ndi loti mutipatseko tsamba limodzi pa sabata. Nkhani za ndale, za kukhoti ndi za asing'anga ogwidwa timaziwerenga ndithu, koma sizoti ungawerengere ana ndi apongozi mutakhala pamodzi, zina umachita kutsokomola n'kudumpha. Ikani nthano yopitirira yoti sabata ino ithere pokoma tidikire ya mawa, ikani mbiri yathu yolembedwa ndi munthu woidziwa m'Chichewa chomveka osati chomasulira mawu ndi mawu, musiyenso kakona koti owerenga tizilemberana zomwe tawerenga. Olemba alipo, aphunzitsi opuma ntchito ali mbwee ku Chipata, ku Katete, ku Dedza, ena amangotaya nkhani zabwino pa Facebook kwaulere, muwapatseko kangachepe ka sopo adzalemba. Zoti kuno timalemba c inu kwina mumalemba ch zisakuimitseni, pa Kulamba ku Mkaika mafumu a maiko atatu amamvana bwanji. Ndipo chonde poika pa intaneti muziganizira bandulo, tsamba lodzaza zithunzi ndi malonda limatha ndalama lisanatseguke, ife tikufuna mawu oti titha kutumizirana pa WhatsApp.

Mukafuna poyambira, apongozi anga akhala akundiumiriza nkhani ya Angoni, mmene anawolokera Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835 tsiku lomwe dzuwa linada masana, ndi mmene a Mpezeni anadzakhalira pakati pa Achewa kwathu kummawa. Amati zomwe anamva kwa agogo awo ndi zomwe amanena Angoni pa Nc'wala sizigwirizana nde akufuna amve za m'buku kuti aweruze okha. Buku ndalipeza koma ndi lachizungu chovuta cha ku yunivesite, masamba ake ndi ambiri zedi, ndipo ine Disembala ikubwerayi ndili ndi madiresi a maukwati ondidikira.

Ine wowerenga wanu,
Mayi telala,
Chilenje, Lusaka