Zithunzi za pamakoma za a Latino ku California: chimene chimazisunga ndi chimene chimazipha

Akonzi,

Tipatseniko danga tilembe za luso lojambula zithunzi zikuluzikulu pamakoma, monga momwe anthu ochokera ku Mexico ndi maiko ena a ku Latin America okhala ku California, m'dziko la United States, akhala akuchitira kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Chatichititsa n'chakuti kuno kwathu mabungwe amakonda kulemba ntchito achinyamata kuti ajambule pamipanda ya sukulu, zipatala ndi misika, koma mvula ikangogwa zaka ziwiri penti imakhala itamatuka, apo ayi mwini khoma wafufuta zonse n'kupakapo mtundu wa kampani yamafoni. Anzathuwa anadutsa m'zonsezi, ndipo zithunzi zawo zimene zakhala zaka makumi asanu ndi zomwe khoma lake linakonzedwa bwino komanso zili ndi anthu ozilondera.

Mwambowu unachokera ku Mexico. Nkhondo yosintha boma itatha, nduna ya maphunziro José Vasconcelos, yomwe inali pa udindowu kuyambira 1921 mpaka 1924, inapereka makoma a nyumba za boma kwa amisiri ojambula Diego Rivera, José Clemente Orozco ndi David Alfaro Siqueiros kuti ngakhale osadziwa kuwerenga aziiona ndi maso mbiri ya dziko lawo. Mu 1932 Siqueiros anajambula pa Olvera Street ku Los Angeles chithunzi chotchedwa América Tropical, chotalika pafupifupi mamita 24. Amene anamupatsa ntchito ankayembekezera zokongoletsa basi. Iye anaika pakati munthu wa mtundu wa eni nthaka atapachikidwa pamtanda, chiwombankhanga chitatera pamwamba pake. Sipanapite zaka zambiri, khoma lonse linapakidwa zoyera. Anthu anachionanso mu 2012, akatswiri a bungwe losamalira zaluso zakale la Getty Conservation Institute atachitsuka, kulimbitsa pulasitala ndi kuchimangira denga. Sanapakenso mitundu chifukwa palibe chithunzi cha kamera chamitundu chosonyeza momwe chinkaonekera poyamba, ndiye lero chimaoneka chosuluka. N'chifukwa chake mmisiri aliyense azijambula ntchito yake ndi kamera tsiku lomaliza, chigawo ndi chigawo, n'kulemba m'kope dzina ndi nambala ya penti iliyonse yomwe wagwiritsa ntchito.

Nkhani yomwe tikufuna makhonsolo athu aimve bwino ndi ya Chicano Park ku San Diego. Dera la Barrio Logan, komwe kumakhala mabanja ambiri ochokera ku Mexico, linadulidwa pakati ndi msewu waukulu wa Interstate 5 mu 1963, ndipo mu 1969 anatsegula mlatho wopita ku Coronado, mizati yake itaima pomwe panali nyumba za anthu. Akuluakulu a mzinda analonjeza kuti malo a pansi pa mlathowo adzakhala paki. Pa 22 Epulo 1970, wophunzira wina, Mario Solis, anapeza makina akusalaza malowo, ndipo atafunsa anamva kuti pamangidwa ofesi ya apolisi a pamsewu. Tsiku lomwelo anthu anazungulira makinawo, ena anayamba kudzala zomera, ndipo sanachokepo kwa masiku 12 kufikira boma linavomera kukambirana. Kujambula pamizati kunayamba mu 1973, ndipo mmodzi mwa amene analimbikitsa kwambiri ganizoli anali wojambula Salvador Torres.

Chofunika apa si chionetsero chokhacho ayi. Gulu lomwe linabadwa pa nthawiyo, Chicano Park Steering Committee, silinathe pomwe makina anachoka. Mpaka lero ndilo limaunika chithunzi chatsopano chisanajambulidwe ndipo limakonza chikondwerero cha mwezi wa Epulo chaka chilichonse. M'zaka za m'ma 1990, boma litaganiza zolimbitsa mlatho poopa zivomerezi, zithunzi za pamizati zinali pachiopsezo, koma panali komiti yokhala ndi mayina ndi mbiri yoti n'kukhala pansi ndi mainjiniya, ndipo njira yolimbitsira mlatho popanda kuphimba zithunzi inapezeka. Mu 2011 ndi 2012 zithunzi 18 zinakonzedwanso ndi ndalama zokwana madola 1.6 miliyoni, ndipo ambiri mwa omwe anazijambula poyamba ndiwo anaitanidwa kudzagwira ntchitoyo. Kumapeto kwa 2016 pakiyi inaikidwa m'gulu la malo a mbiri ya dziko lonse la United States. Kwathu kuno bungwe limajambulitsa, limajambula ndi kamera zithunzi za lipoti, n'kumapita. Mwana akakanda khoma ndi msomali palibe woti n'kumuuza.

Tsono tibwere pakhoma penipeni, chifukwa apa m'pomwe ntchito zambiri zimafera.

Pulasitala watsopano wa simenti amafuna masiku osachepera 28 asanalandire penti. Simenti yaiwisi imakhala ndi ukali umene umadya penti, makamaka ya mafuta ija timapaka pazitseko: imasanduka ngati sopo kunsi kwake n'kuyamba kusendeka zikambazikamba. Ambiri amaigula poona kuti ndi yowala, koma pakhoma la simenti la panja si malo ake. Yoyenera ndi penti ya akiriliki ya panja, yosungunula ndi madzi, chifukwa imalola chinyezi chochepa kutuluka.

Musanayambe, yesani chinyezi. Matani pulasitiki woonekera mkati wa masentimita 45 mbali zonse pakhoma, mutseke m'mphepete monse ndi tepi, mumusiye usiku wonse. Mukapeza madontho kunsi kwake kapena khoma litada pamenepo, madzi akulowa penapake, ndipo penti iliyonse idzatupa. Kawirikawiri amalowa pamwamba pa mpanda pomwe palibe chivindikiro cha simenti chotsetsereka, kapena amakwera kuchokera pansi chifukwa omanga sanaike pulasitiki woletsa chinyezi pamwamba pa maziko. Ufa woyera womwe umatuluka panjerwa ndi mchere wobwera ndi madziwo. Kuupukuta n'kupakapo penti n'kutaya ndalama. Tsekani kaye polowera madzi, khoma liume, kenako muukweche ndi burashi yolimba khoma lili louma. Khoma lomwe linapakidwapo laimu lipalidwe mpaka laimu yense athe. Pitsanipo chikhatho: chikayera, penti sigwira.

Ming'alu itsekedwe, khoma litsukidwe, kenako pakani penti yoyambira yopirira ukali wa simenti, kawiri ngati khoma lili lomwa kwambiri. Pakhoma losalala lita imodzi imakwana masikweya mita 8 mpaka 10, koma pa pulasitala wokhakhala muyembekezere pafupifupi theka lake. Ndiye khoma la mamita 10 m'litali ndi 3 kukwera lingafune malita 6 mpaka 8 a penti yoyambira yokha mukapaka kawiri, likakhala losalala. Apa m'pomwe anthu amanyengedwa kuthira madzi ambiri kuti chitini chikwane. Madzi akapitirira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, zomata za mu penti zimachepa mphamvu, ndipo pakatha chaka mtundu umayamba kuyoyoka ngati ufa.

Chitsanzo chabwino cha kagwiridwe ka ntchito ndi ntchito yojambula pakhoma yotchedwa Great Wall of Los Angeles, yomwe anatsogolera wojambula Judith Baca. Ili pakhoma la ngalande yaikulu ya madzi osefukira ya Tujunga Wash, ndi yotalika pafupifupi mamita 840, ndipo inajambulidwa m'nyengo zotentha zingapo pakati pa 1976 ndi 1983 ndi achinyamata oposa 400 a mitundu yosiyanasiyana, omwe ankalandira malipiro. Ena mwa iwo anali atadutsa m'makhothi a ana. Burashi isanakhudze khoma, panali miyezi yofufuza mbiri pamodzi ndi akatswiri ndiponso anthu a m'madera okhudzidwa. N'chifukwa chake mulinso zimene mabuku a sukulu ankalambalala: kuthamangitsidwa kwa anthu ochokera ku Mexico m'zaka za m'ma 1930, kutsekeredwa m'misasa kwa anthu ochokera ku Japan pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndi kusamutsidwa kwa mabanja a ku Chavez Ravine, dera la mu Los Angeles, komwe pambuyo pake kunamangidwa bwalo la masewera. Konkire ankayamba aikwecha ndi mchenga wopopera ndi madzi amphamvu, n'kupaka yoyambira, kenako kulemba mizere ya mabokosi. Njira ya mabokosiyi ndi yomwe imalola mwana wosadziwa kujambula kugwira nawo ntchito. Chithunzi cha papepala chimagawidwa timabokosi, khoma limagawidwa mabokosi a chiwerengero chomwecho pomenya chingwe chopaka choko, ndipo aliyense amakopera za m'bokosi lake. Bokosi la masentimita 5 papepala likhoza kuimira la masentimita 50 pakhoma. Cholakwika chofala n'kuyeza kuchokera pansi pomwe nthaka ili yopendekeka. Yambani ndi mzere umodzi wowongoka woyezedwa ndi levulo, ena onse achokere pamenepo. Baca anakhazikitsanso bungwe la zojambula za pamakoma la SPARC mu 1976 pamodzi ndi anzake, ndipo ndilo linatsogolera kukonzanso khomali, ntchito yomwe inatha mu 2011.

Pankhani ya mitundu, si yonse imapirira dzuwa mofanana. Yochokera ku dothi ndi dzimbiri la chitsulo, yofiira moderako, yachikasu chodera ndi yabulauni, imakhalitsa kwambiri. Yofiira kwambiri, yapinki ndi yowala ngati ya pa zovala za apolisi a pamsewu ndiyo imayamba kusuluka. Ku California khoma loyang'ana kummwera ndilo limapsa kwambiri. Kuno kwathu, popeza tili kummwera kwa equator, samalani ndi loyang'ana kumpoto ndiponso la kumadzulo. Musapake masana khoma litatentha, chifukwa penti imauma pamwamba isanagwire kunsi. Munsi mwa khoma siyani masentimita 40 kapena 50 a mtundu umodzi wakuda, poti mvula yodontha padenga imathovukira matope pamenepo, ndipo lamba wotere ndi wosavuta kupakanso.

Kumapeto pamafunika zophimba ziwiri. Choyamba ndi akiriliki woonekera mkati yemwe amakhala mpakampaka. Chachiwiri ndi chochotseka, vanishi wapadera kapena phula, kuti wina akalembapo zamwano mutsuke chapamwambacho ndi kupakanso osakhudza chithunzi. Phula limachoka ndi madzi otentha. Vanishi wa matabwa musayerekeze: amasanduka wachikasu, amang'aluka, ndipo pomuchotsa amachoka ndi chithunzi chomwe. Kufunika kwa zophimbazi kunaoneka pa zithunzi zomwe zinajambulidwa m'mbali mwa misewu ikuluikulu ya Los Angeles pokonzekera masewera a Olympics a 1984. Zitadzaza ndi zolembalemba za anyamata opopera penti, zingapo zinaphimbidwa ndi penti yotuwa, kuphatikizapo cha wojambula Frank Romero.

Malamulo nawo amapha zithunzi. Kuyambira 2002 mpaka 2013, mzinda wa Los Angeles sunkalola zithunzi zatsopano pamakoma a anthu wamba, chifukwa pa milandu ya makampani a zikwangwani zamalonda zithunzizi zinagwera m'gulu limodzi ndi zotsatsa. Lamulo la 2013 linazilekanitsa: chithunzi chilembetsedwe ku mzinda pa mtengo wa madola 60, chisakhale ndi uthenga wamalonda, ndipo chikhale pakhomapo zaka ziwiri kapena kuposerapo. Palinso lamulo la dziko lonse la United States la 1990 loteteza ojambula, lomwe limati mwini nyumba akafuna kuchotsa chithunzi chotheka kuchotsedwa osawonongeka, adziwitse wojambula ndi kumupatsa masiku 90. Sitikunena kuti titengere malamulo a eni momwe alili. Koma pepala limodzi losainidwa ndi mwini khoma, wojambula ndi komiti ya dera silifuna nyumba ya malamulo. Linene kuti chithunzi chikhala zaka zingati, adzachitsuke ndani ndipo kangati pachaka, ndalama yokonzera ikusungidwa kuti, wojambula adzadziwitsidwa masiku angati chisanafufutidwe, ndiponso chidzachitike n'chiyani nyumbayo ikagulitsidwa. Mfundo yomalizayi ambiri amaiiwala, pomwe mwini watsopano sakhala womangidwa ndi lonjezo la pakamwa la mnzake.

Pomwe khoma lili lokayikitsa, kapena mwini wake ndi wosinthasintha maganizo, jambulani pamatabwa omangirira. Mu 1981 Barbara Carrasco anapatsidwa ntchito ndi nthambi ina ya mzinda wa Los Angeles yojambula mbiri ya mzindawo monga momwe anthu ochokera ku Mexico amaionera. Akuluakuluwo anafuna kuti achotse zigawo 14 zomwe zinawawawa, iye anakana, ndipo ntchitoyo sinaikidwe pomwe inayenera kuikidwa. Poti inali pamatabwa osati pakhoma, inasungidwa zaka zambirimbiri, ndipo mu 2020 nyumba yosungira zakale ya Natural History Museum ya ku Los Angeles inaitenga. Wofuna njira imeneyi agule pulayiwudi wopirira madzi wa mamilimita 12 kapena kuposerapo, apake penti yoyambira mbali zonse ziwiri, ndipo m'mphepete apake katatu chifukwa madzi amalowera mmenemo n'kufufumitsa thabwa. Pomangirira asiye mpata wa masentimita awiri kapena atatu pakati pa thabwa ndi khoma kuti mphepo izidutsa, thabwa lisagunde pansi poopa chiswe, ndipo agwiritse ntchito masikuluwu osachita dzimbiri, apo ayi mvula yoyamba idzatsitsa mizere yofiira pankhope za anthu ojambulidwawo.

Ndife anu,
Amisiri ojambula pamakoma,
Blantyre